Matepi a Ankolo Goodwill

Munthu wa kwathu amene anafika mu Glasgow muno zaka zapitazo, kaya anabwerera sukulu kaya anangobwera kudzaona mmene zikhalire, akamakuuzani kuti ankolo Goodwill Kachingwe sawadziwa, ameneyo akunama. Jekete yake yoyamba anaivalira kwa iwo. Ine amene, Chrissy, ndinatsika basi pasiteshoni ya Buchanan mu Seputembala wa 2009 nditavala kasiketi ndi nsapato zoonetsa zala, ngati ndikupita kumsika wa Limbe kukagula anyezi. Amene anandichingamira anali bambo wamfupi, wadazi, atakoleka jekete ya akazi awo pamkono.

"Ndinu Chrissy? Valani kaye iyi, moni tipatsana mukafunda."

Sanali abale anga. Nambala yawo anandipatsa mayi wina ku Zomba amene mwana wake anadzerako, ndipo nambala imeneyo inkayenda m'manja mwa anthu choncho, pakapepala kong'amba m'kope. Ankakhala ku Springburn, mufulati ya khonsolo, pansanjika yachinayi, iwo ndi akazi awo, anti Tereza. Ana Mulungu sanawapatse. Ankolo ankatsuka mabasi kudepoti, moti manja awo ankamveka bulichi ngakhale Lamlungu atamanga tayi. Anti ankasamalira okalamba. Mpingo wathu unkachita lendi holo ku Gorbals, ndipo ankolo ndiwo ankafika moyambirira kudzayala mipando, ndiwonso ankachoka pomaliza ataipinda. Udindo sanapatsidwepo, chifukwa chake aliyense ankachidziwa: anali munthu wosachedwa kuseka. Wina akangophonya nyimbo pakwaya, mapewa a ankolo ankayamba kugwedezeka, anti n'kuwatsina pantchafu.

Koma chimene ndikufuna kunena ndi cha Loweruka.

Mlendo aliyense watsopano, Loweruka lake loyamba, ankamukhazika pasofa yabulauni, kumupatsa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi wopaka majarini. Kenako ankolo ankagwada patsogolo pa TV n'kutsegula kabati yam'munsi. Munali matepi a vidiyo, akuda aja, aakulu ngati buku la nyimbo, oposa makumi anayi. Mu 2009 dziko lonse linali litasiya kale zimenezo, koma ankolo akanawauza ndani? Ankasankha imodzi, kuiuzira fumbi, n'kuilowetsa m'makina, makinawo n'kuimeza mong'ung'udza.

Linali sewero lakalekale la pa TV, lakuda ndi loyera basi, la banja la zilombo limene linasamukira mumsewu wa anthu wamba. Bambo wa m'nyumbamo anali wokulungidwa mabandeji thupi lonse, ndipo ankagwira ntchito kupositi ofesi, kumene bandeji yake inkangokodwa m'zitseko n'kumamasuka iye akupita. Mayi anali ndi mano awiri aatali otulukira panja, koma ulemu wake ndi ukhondo wake, ngakhale mkazi wa abusa sangafikepo. Panalinso amalume ena a mutu wochotseka, amene ankauiwala paliponse ngati ambulera. Nkhani yake tsiku lililonse inali imodzimodzi. Iwo ankadziona ngati banja labwinobwino, lothirira maluwa ndi kusesa pakhomo. Mlendo akabwera, kaya wowerenga mita kaya mphunzitsi, ankamulandira ndi manja awiri, koma iye akangowaona ankathawira pawindo, chipewa n'kutsala pansi. Pamenepo mayi wamano uja ankapukusa mutu mwachifundo n'kunena kuti anthu a kuno ndi otangwanika zedi, kenako n'kukulunga keke kuti wina amuthamangire nayo. Ndipo nthabwala iliyonse ikagwa kunkamveka khamu la anthu likuseka, anthu osaoneka pasikirini, monga mmene masewero akale ankachitira.

Ankolo mawu onse ankawadziwa pamtima. Ankayamba kuseka nthabwala isanafike, moti iwe woonera koyamba unkaseka iwowo, osati sewero. Ankamenya ntchafu, ankatsokomola, misozi chuchuchu, mpaka anti Tereza n'kutuluka kukhitchini ndi kapu ya madzi.

"Bambo, pumani kaye, mungatifere pano pamaso pa alendo."

Tepi ikatha ankolo ankapukuta m'maso n'kuloza TV ndi chibwano. "Wawaona awa? Ndife amenewa."

Ndiyeno ankafotokoza. Iwo anafika mu 2001, nthawi imene munthu wakuda ku Springburn ankachita kumuloza chala. Ukalowa mulifiti, mayi wina ankatuluka ngati wakumbukira kuti wasiya mpopi ukutuluka madzi. Pachitseko ankapezapo mazira oswedwa. Anti Tereza ankalira tsiku lililonse kuti tibwerere ku Ntcheu, bola kukadya masamba a nyemba kusiyana ndi izi. Tsiku lina masana ankolo akuchokera kuntchito anamva phokoso m'nyumba, anathamanga poganiza kuti mkazi wawo wagwa, koma anawapeza ali pakapeti akuseka. Inali nthawi yoyamba m'miyezi itatu. Anali atapeza sewero limeneli mwangozi, akulibwereza pachanelo ina. Mlungu womwewo anakagula vidiyo yakale ku Barras kuti anti aziwajambulira ankolo akakhala kudepoti.

Matepi onse aja anajambula ndi anti Tereza. Ankadula zithunzi za zilombozo m'kabuku ka mapulogalamu a TV n'kuzimata pamwamba, kenako n'kulemba pambali ndi dzanja lawo lozungulira la kusukulu ya mishoni: "Amalume aiwala mutu m'basi." "Bambo apita kwa dokotala." "Mayi aitana aneba ku tiyi." Mwina anali matepi okhawo a sewero limeneli padziko lonse olembedwa m'Chichewa.

"Uzingopereka moni, Chrissy," ankatero ankolo. "Tsiku lina adzatopa kuthawa."

Ndipo kwa iwo zinatheka. Pomwe ine ndinkafika, gogo wina wachizungu wa pansi pawo anali akuwabweretsera supu, ndipo ana a muchipinda cha pafupi ankawaitana ndi dzina.

Ndinagona m'nyumba imeneyo miyezi isanu ndi itatu, ndisanapeze chipinda changa. Matepi aja ndinawaonera onse, ena katatu. Yanga inali ija ya amalume oiwala mutu m'basi, pamene mutuwo unayenda mpaka kudepoti uku ukukalipira kondakitala. Tsiku lina ndinaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno, anti n'kundiponyera nsalu yopukutira mbale. Ndikunena izi poyera kuti pasapezeke wondichitira chifundo pa zimene zikubwerazi. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti m'matepi muja munali chiyani.

Zaka zinapita. Ndinamaliza sukulu, ndinapeza ntchito ya unamwino kunyumba ya okalamba, ndinasamukira ku Pollokshields, ndipo ndinapeza mwamuna, Dave. Azakhali ake a Dave anali amake Angel, mkulu wa amayi mumpingo mwathu, mayi wa mawu aakulu, wopemphera mpaka mawindo kuchita nthunzi. Ine kuno ndinalibe mayi, ndinalibe mlongo. Ukwati wanga wonse unali m'manja mwa amayi amenewo: ulangizi, zophika, zitenje, ngakhale woti andiveke. Kumbali ya unkhoswe ndinapempha ankolo Goodwill kuti aimire amalume anga, ndipo anavomera asanamve n'komwe tsiku lake.

Anti Tereza anamwalira mu Novembala wa 2018. Lamlungu anaimba nafe, Lachiwiri anagwa m'khitchini ketulo ikuwira. Madokotala anati mtsempha unaphulika m'mutu. Ankolo anaperekeza thupi ku Ntcheu, ndipo ponyamuka anandisiyira kiyi.

Mwambo wake mukuudziwa. Bambo akaferedwa, amayi amapita kukasesa m'nyumba ndi kulongedza zovala za malemu, kuti mwini wake akabwera asapeze madiresi akulendewera ngati mwini wake angotuluka pang'ono. Tinapita anthu asanu ndi mmodzi Loweruka m'mawa, zitenje pamwamba pa majinzi, tikuimba chapansipansi. Ine ndinali kuchipinda ndikupinda mabulauzi pamene ndinamva nyimbo yaduka pabalaza.

Amake Angel anali atatsegula kabati ija kuti apukute fumbi. Ndinawapeza atagwira tepi ndi zala ziwiri, kutali ndi thupi, akuyang'ana chithunzi cha mayi wamano aatali. Mayi wina anakhudza makina aja, kaya dala kaya mwangozi, ndipo tepi imene inali m'katimo inayamba kusewera. Tsoka lake, panali pamene amalume ananyamula mutu wawo m'khwapa akuutsuka mano. Kenako khamu lija linaseka.

"Akusekawo ndani?" anafunsa amake Angel. "Pali anthu awiri okha apa. Akusekawo ali kuti?"

 Mayi wina anayamba kuitana magazi a Yesu. Wina anazimitsa TV pakhoma penipeni. Ine ndikanangoseka pamenepo, nkhani ikanathera pomwepo. Ndikanati, amayi inu, awa ndi masewero a ana, kusekako amachita kujambula, khalani pansi muone mmene mutuwu ukalipirire kondakitala. Theka la anthu a mumpingomo linali litaonerapo pasofa yomweyo, kungoti tsiku limenelo munalibe aliyense wa iwo kupatula ine. Amayi enawo anabwera kuno potsatira amuna awo, sanadzere kwa ankolo.

Amake Angel anatembenukira kwa ine. "Chrissy, iwe unagona m'nyumba muno. Izi n'chiyani?"

Ndinayang'ana nkhope zisanu zija. Ndinaganiza za diresi langa, za Dave, za mmene azakhali akewo akananenera kuti mtsikana amene mwana wathu akufuna kukwatira ankakhala pansi n'kumaseka pamodzi ndi mizimu. Sindikunena kuti ndinasokonezeka, ayi. Mutu wanga unkagwira bwinobwino.

"Kaya," ndinatero. "Ine sindinazionepo."

Mawu atatu okha. Koma anthu athu mukawapatsa mawu atatu amamangapo nyumba ya zipinda zinayi. Pomwe timapinda zitenje, zonse zinali zitalumikizidwa kale. Banja lopanda ana zaka zonsezi, bwanji? Galimoto ija ankolo anagula mu Okutobala, ngakhale inali yakale yotsokomola, anaigula bwanji mwezi umodzi mkazi asanagwe? Munthu woimba Lamlungu n'kufa Lachiwiri? Nanga kuseka kuja m'kati mwa pemphero? Palibe anatchula dzina la chinthucho. Ankangoti tizisamala, dzikoli lili ndi zambiri. Amake Angel ankafuna kuwatentha matepiwo, koma mufulati simungayatse moto, alamu ingaitane ozimitsa moto. Ndiye tinawaunjika pakati pa kapeti, anawawaza mafuta odzozera, tinagwirana manja n'kuwapempherera. Inenso ndinagwira dzanja la wina, inenso ndinati ameni. Zovala za anti tinazisiya theka zili m'matumba, theka zili pabedi.

Ndinayenera kukawachingamira ankolo kubwalo la ndege. Ndinatumiza meseji yoti ndili pashifiti, kiyi ndasiya kwa gogo wa pansi. Munthu amene anandiimirira pa Buchanan ndi jekete anakwera basi yekha ndi masutikesi awiri, n'kukapeza mulu uja pakapeti.

Lamlungu lotsatira anabwera kutchalitchi monga mwa nthawi zonse, anayala mipando yonse. Anthu atakhala, kumanja kwawo kunatsala mipando iwiri, kumanzere iwiri. Masiwiti amene ankagawira ana, amayi ankawalanda m'manja mwa anawo n'kuponya m'chikwama. Pa tiyi wa pomaliza mapemphero aliyense ankakhala kuti akufuna kukagwira sitima. Iwo ankangopereka moni. Mwadzuka bwanji mayi, ana ali bwanji, kuntchito kukuyenda? Achinyamata amene anavala majekete awo, amene anaseka pasofa paja, ankayankha maso ali pafoni. Nawonso anali ndi zawo zoti ateteze, koma ine sindingawaweruze, poti ndine ndinayamba.

Mu Febuluwale amake Angel anandiitanira pambali n'kunena kuti nkhoswe isinthidwe, kuti ukwati uyambe mwaukhondo. Sindinalimbe mtima kupita ku Springburn. Ndinaimba foni, ndinazungulirazungulira, ndinati kubanja kwa Dave akufuna munthu wa udindo mumpingo.

"Palibe kanthu, mwana wanga," anatero ankolo. "Ndiponso suti ndinali ndisanagule."

Linali bodza, ndipo ndinadziwa pomwepo. Anti Tereza ananditumizira chithunzi mu Okutobala, ankolo ataima m'sitolo ndi suti yotuwa, mikono yake yawapitirira zala, akuseka. Chithunzicho chikadali mufoni mwanga. Anandinamiza kuti ine ndisamve kuwawa, ine ndinalandira bodzalo n'kuthokoza.

Mipando anasiya kuyala cha m'ma Epulo. Kuukwati wanga sitinawaitane, koma kunafika bokosi papositi, muli ketulo yamagetsi ndi kakhadi kolembedwa kuti "Muzimwera tiyi ndi alendo." Ketulo imeneyo ndimaigwiritsa ntchito m'mawa uliwonse mpaka lero. Kenako kunabwera mliri uja, ndipo ndinene zoona, mliri unandithandiza. Kwa zaka ziwiri ndinali ndi chifukwa chomveka chosapitira kwa munthu wachikulire. Utatha, chifukwa chinatha, koma manyazi anali atakula kuposa poyamba. Ndikakwera basi yodzera ku Springburn ndinkakhala mbali imene fulati yawo sioneka.

Mwezi watha, kuntchito, ndinalowa m'chipinda chochezera okalamba masana nditanyamula thireyi ya mankhwala. Ndisanaone n'komwe TV ndinamva kanyimbo koyambira sewero la ankolo lija.  Azigogo asanu ndi awiri anali atayang'ana bambo wa mabandeji akulimbana ndi chitseko cha kupositi ofesi. Gogo wina, amene tsiku lonse satulutsa mawu, amene Lamlungu lililonse amavala chipewa kudikira wansembe, anandikoka malaya n'kundiuza kuti iye ankaonera limeneli ali mwana, atakhala pamiyendo ya bambo ake akachokera kufakitale ya masitima. Ndinaima pamenepo ndi thireyi, ndinaseka, chifukwa n'loseketsadi, zaka zonsezi silinasinthe. Kenako ndinakalira m'chimbudzi cha ogwira ntchito.

Loweruka lake ndinakwera basi ya ku Springburn. Lifiti inali yakufa, ndinakwera masitepe, ndipo pansanjika iliyonse ndinkafuna kubwerera. Anatsegula okha. Achepa thupi, dazi lafika kumbuyo, ntchito anapuma. 

"Chrissy. Wabwera ndi kajekete kameneka? Lowa, hita ndayatsa."

Sofa inali yomwe ija. Anapita kukhitchini n'kubwera ndi tiyi m'makapu amaluwa a anti Tereza, aja a alendo, ndipo ndinaona kuti anachita kuwatsuka kaye fumbi. Anafunsa za Dave, za ntchito, za mayi anga ku Zomba. Anafunsanso za amake Angel, ngati bondo lawo linachira. Ine maso anga anali pakabati ya pansi pa TV. Chitseko chake chinali chotsegula pang'ono, ndipo m'kati munalibe kanthu. Ngakhale makina aja panalibe.

Ndinaika kapu pansi, ndinatsika pasofa n'kugwada monga tinaphunzitsidwira kwathu.

"Ankolo, ndabwera kudzapepesa. Tsiku limene amayi anapeza matepi aja anandifunsa. Ndinawauza kuti sindinawaonepo."

"Dzuka, kapetiyo ndi yozizira."

"Ankolo, ndinanama. Ndikanangonena zoona, zonsezi sizikanachitika."

"Ndinadziwa kalekale," anatero, akutakasa tiyi. "Amake Angel anandiuza pamaso pa abusa. Anati ngati zinali zabwino, bwanji munkamubisira ngakhale mwana amene ankagona m'nyumba mwanu? Ine ndinangoti chete. Ndikanati ukunama, ukwati wako ukanatha."

Izi sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti ine ndinangokhala chete, oyankhula anali ena. Osadziwa kuti mawu anga ndiwo anali umboni waukulu, ndiponso kuti munthu amene ndinamukana anakhala pampando pamaso pa abusa n'kunditeteza. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire, moti ndinalephera ngakhale kulira.

"Nanga matepi ali kuti?" ndinafunsa, ngakhale kabati inali itandiyankha kale.

"Ndinataya."

"Munataya nokha?"

"Abusa anati ndikataya, anthu mitima ikhala pansi. Ndinaika m'matumba akuda, maulendo atatu, lifiti inali yakufa ngati leromu. Kenako ndinawaimbira kuti zatheka, auze anthu." Anamwa tiyi pang'ono. "Loweruka lake ndinagula buledi awiri ndi mkaka. Ndinati mwina achinyamata aja abwera. Loweruka linalo ndinagulanso."

"Sanabwere."

"Aa, anthu a kuno ndi otangwanika zedi."

Anayesa kuseka ponena zimenezo, mmene ankachitira kale potsanzira mayi wamano uja, koma chinatuluka ndi chifuwa chokha.

"Simunasunge ngakhale imodzi? Zolemba za anti zija?"

"Ndinaigwira imodzi, ija ya aneba ku tiyi. Tereza analakwitsa pamenepo n'kufufuta ndi chala, chala chake chinadinda. Ndinaima nayo pabini nthawi ndithu. Koma ndikanasunga, ndiye kuti abusa ndawanamiza."

Ndinawauza kuti Lamlungu ndikaimirira kutsogolo ndikanene zonse. Anapukusa mutu, anati usagwedeze banja lako chifukwa cha nkhalamba, uli ndi apongozi. Ndinaumirira, ndinalumbira kumene. Ndikulemba pano padutsa Malamulungu atatu. Lililonse ndimafika nditakonzeka, nthawi ya maumboni imakwana, amake Angel amandimwetulira ali pampando wa kutsogolo, ine n'kukhalabe pansi. Ndiye musandione ngati munthu amene walapa n'kumaliza.

Koma tsiku lija ndinali ndi kamphatso kamene ndinkaganiza kuti kakonza zinthu. Ndinatulutsa foni. Sewero lonse lili pa intaneti masiku ano, ndinali nditafufuza usiku wake n'kupeza ija ya amalume oiwala mutu m'basi. Ndinakhala pambali pawo pasofa, ndinatsamiritsa foni kuketulo ya tiyi, n'kudina.

Kanyimbo kaja kanayamba. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka, zaka khumi zikuchokapo nthawi imodzi, dzanja likukwera kuti limenye ntchafu. Kenako linaima m'malere. Anadzuka pang'onopang'ono, anapita pawindo n'kutseka katani, masanasana, pansanjika yachinayi pamene amasuzumirapo ndi mbalame zokha. Anabwerera n'kukhala kunsonga ya sofa, khutu lili kuchitseko.

"Tsitsa mawu pang'ono," anatero. "Pangabwere wina wa kumpingo."

Pakhomo pamenepo sipanagogode munthu wa kumpingo kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ine ndinkadziwa, iwonso ankadziwa. Koma ndinatsitsa, ndipo tinaonera mpaka kumapeto, milomo ya ankolo ikutsatira mawu onse osaphonya, anthu osaoneka aja akuseka okha.